Chaka chimene amayi anaphunzira kudzutsa maso

Kadikishonale kofiira ka Chitaliyana kaja ndidakali nako kuno ku Shawlands, mumzinda wa Glasgow. Masamba ake anatupa ndi mvula, chifukwa amayi ankakawerenga podikira basi ku Easterhouse, dera lina la mzinda womwewu, tisananyamuke. Anali atapeza mwayi wokaphunzira zaumoyo kwa teremu imodzi ku Bologna, ku Italy, ndipo posowa wondisiyira, ananditenga. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mwana woti ukamufunsa m'Chichewa amayankha Chingelezi cha ku Glasgow, chimene ngakhale azungu akwina sachimva.

Mzinda wa Bologna unandikomera tsiku loyamba lomwelo. Misewu yake ili ndi makhonde ataliatali a zipilala zakalekale, moti mvula ikamagwa umayenda mtunda wonse osanyowa. Ine wokulira m'jekete yonyowa ndinkangoti ndi matsenga. M'mawa kunkanunkhira khofi ndi buledi wotentha, mabelu a matchalitchi akulira mopikisana. Mayi eni nyumba yomwe tinkachita lendi ankandidyetsa pasita mpaka batani la buluku linathothoka. Chitaliyana changa chinali cha zakudya zokhazokha, ndipo kunena zoona, mpaka lero chidakali pomwepo.

Vuto linali mayeso. Kumeneko ambiri salemba. Umakhala pamaso pa mphunzitsi n'kumayankha pakamwa, anthu ena akumvetsera kumbuyo. Amayi akanalephera, akanabwerera ku Glasgow opanda pepala, ku ntchito yosamala okalamba imene ankafunitsitsa kuisiya. Ulendo woyamba anayankha maso ali pansi, mawu apansipansi, monga amachitira munthu woleredwa bwino polankhula ndi wamkulu. Aphunzitsiwo, bambo a ndevu zoyera, anaganiza kuti sanakonzeke, ndipo anawauza mofatsa kuti adzabwerenso pakatha milungu itatu.

Ndiye ntchito inagwera ine. Tikaweruka ndinkakhala pampando nditavala magalasi awo, n'kumawerenga mafunso amene sindinkawamva n'komwe. Lamulo linali limodzi, loti amayi asachotse maso pa ine. Tangoganizani, munthu amene anandilera ndi mawu akuti "Iwe, maso pansi akulu akamalankhula," tsopano ine ndinkawagogodera tebulo.

"Amayi, mwayang'ananso pansi. Tiyambirenso."

Ankaseka mpaka misozi, n'kumandiopseza kuti tikabwerera ndidzaona. Udindowo unandilowa m'mutu, sindikana. Nthawi zina ndinkawabweza dala ngakhale akhoza.

Tsiku la mayeso ndinakhala kumbuyo, miyendo ikulendewera pabenchi. Amayi anawayang'ana aphunzitsi aja m'maso kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza. Anakhoza. Koma polandira pepala anaiwala zonse tinaphunzira zija: anapinda mawondo, n'kulandira ndi manja awiri. Aphunzitsi anasowa chochita, anaimirira, nawonso n'kuwerama. Chipinda chonse chinaseka n'kuomba m'manja.

Tikutsika masitepe, amayi anangokhala pansi n'kuyamba kulira, kwinaku akuseka. Ine ndinawakoka dzanja, kudandaula kuti ayisikirimu amene anandilonjeza uja atha. Ndinkaganiza kuti chinawavuta chinali Chitaliyana. Sindinkadziwa kuti chibadwire, pamaso pa bambo awo, pa abusa, pa mabwana onse a ku Glasgow, anali asanadzutsepo mutu kuti anene zimene akudziwa, ndipo tsiku limenelo kanali koyamba.