Pansi pa Galimoto ya Maliro pa Lizulu

Ntchito ya pagalaja anandipezera ndi azakhali anga, amene amagulitsa kabichi pa Lizulu. Ine ndinkangokhala ku Champiti nditalephera Fomu Folo, ndiye tsiku lina anandigwira dzanja n'kukandisiya kwa Che Saidi, eni galaja yomwe inali kuseri kwa msika. "Uyu ndi waulesi, koma si wakuba," anatero azakhaliwo. Che Saidi anandiyang'ana m'manja, n'kundiponyera ovolosi yong'ambika m'mawondo.

Magalimoto a otomatiki anali atachuluka, ndipo Che Saidi ankadziwika nawo. Anandiphunzitsa kuti oyilo wa giyabokosi ya otomatiki si wa injini ayi. Akakhala watsopano amakhala wofiira, wopyapyala. Umasolola dipusitiki, kachitsulo koyezera kaja, n'kudonthezera papepala loyera. Akakhala wofiirabe, msiyeni. Akayamba kuda ngati tiyi, kapena galimoto ikamachedwa kugwira giya, nthawi yosintha yakwana. Kusinthako umamasula bawuti ya pansi, oyilo n'kukhetsera m'beseni, kenako umachotsa sampu, chibakuli cha pansi chosungira oyilo, kupukuta maginito ogwira tizitsulo, kusintha sefa ndi gasiketi. Malamulo awo aakulu anali awiri. "Wotulukayo umuyeze, ubwezere wochuluka chimodzimodzi. Ndipo dipusitiki umawerenga injini ikulira, itatentha, galimoto ili pamalo osapendekeka." Ndinkavomera kuti eya bwana, koma kunena zoona mutu wanga unkakhala kutchipisi cha kumsika.

Nditatha miyezi isanu, linafika Lachisanu lina la mu Julayi. Chiperoni chinali chitatseka Lizulu yense, moti ngakhale masana sunkaona tsidya lina la msewu. Che Saidi anapita kumzikiti n'kundisiya ndekha. Pasanapite nthawi ndinamva nyimbo ya maliro chapansipansi, ikubwera m'chifungamo popanda phokoso la injini. Kenako ndinaona amuna anayi akukankha galimoto yoyera yaitali, nthambi yobiriwira itamangidwa kutsogolo. Mipando ya kumbuyo anali ataipinda, ndipo munali bokosi. Pambali pake panakhala mayi wamasiye, mkazi wa malemu, atafunda chitenje kumutu.

Mnyamata amene ankayendetsa anati dzina lake ndi Dalitso, ndipo m'bokosimo munali bambo ake, ochita malonda a kachewere, omwe anamwalirira kuchipatala. Galimotoyo inali ya malemuwo. Pokwera chitunda injini inkangolira koma matayala osakoka. "Achimwene, tithandizeni," anatero. "Ku Tsangano adzukulu anakumba manda m'mawa. Tikuyenera kuika lero dzuwa lisanalowe."

Ndinadonthezera oyilo papepala. Anali wofiira moderako, akununkha ngati mphika wopserera. Ndinafunsa kuti anasinthidwa liti. Dalitso anapukusa mutu. "Sanasinthidwepo. Bambo ankati iwo ali moyo palibe adzatsegule pansi pa galimoto yawo."

Ndikanayenera kudikira Che Saidi. Koma anthu onse aja ankandiyang'ana ngati ndine dokotala, ndipo ine ndi matama anga ndinati ndithana nazo. Ndinangopempha kuti atsitse kaye bokosilo. Apo mkulu wake wa malemu, bambo wa imvi wovala jekete lakuda, anakana kwamtuwagalu. "Kwathu maliro satsika panjira. Akatsikira pakhomo pake." Ndiye tinakankhira galimoto pamwamba pa dzenje logwirira ntchito, ine n'kutsika ndi sipanala ndi beseni, munthu wakufa atagona pamwamba pa mutu wanga.

Abale, m'dzenje muja munkazizira. Nyimbo ija inaleka. Ndinkangoona mapazi a anthu ataima mozungulira. Nditamasula bawuti, oyilo anatsika wofunda, n'kundiyenderera m'dzanja mpaka m'chigongono, wofiira moderako. Mayi wina anasuzumira, anaona mkono wanga, n'kukuwa kuti, "Mayo ine, magazi!" Ndinadziwa bwinobwino kuti ndi oyilo, komabe ndinaupukuta msanga mkonowo pa ovolosi.

Ndikumasula mabawuti a sampu, pamwamba panga panamveka kugogoda. Gu. Ndinaima. Gu, kachiwiri. Chitsulo chotentha chikamazizira chimalira, zimenezo ndinkazidziwa, koma kulira kwake kumakhala kopyapyala, ndipo uku kunali kwa thabwa. Ndinafunsa ngati wina wagunda galimoto. Mayi wamasiye yekha ndi amene anayamba kusisima m'katimo.

Kuyambira pamenepo manja anga ankangothamanga okha. Sefa yatsopano panalibe, ndiye ndinatsuka yakaleyo, kupukuta maginito omwe anali atadzaza phala lotuwa, kubwezera sampu, n'kutuluka m'dzenjemo ngati ndathamangitsidwa. Beseni ndinalikankhira pakona osaliyang'ananso. Ndinathira oyilo watsopano ndi fanelo, malita atatu, n'kusolola dipusitiki injini ili chete. Inaonetsa kuti wadzaza. Ndinati basi, lizani.

Dalitso analiza injini, anaponda buleki, anaika giya pa D yopitira kutsogolo. Galimoto sinasunthe. Anaponda moto, injini inakuwa, koma matayala ali duu. Anayesa R yobwerera m'mbuyo, anabwezeranso pa D, chimodzimodzi. Anthu anayamba kunong'onezana kuti malemu akukana. Mnyamata wina anandiloza. "Ndi uyu watsegula pomwe eni ake analetsa." Ndinakumbukira lamulo la Che Saidi lowerenga injini ikulira, koma kusololanso dipusitiki pamaso pa anthu aja kukanakhala kuvomera kuti ndalakwitsa. Ndinachita mantha ndi amoyo kuposa wakufa, ndipo ndinangoima chilili.

Mkulu uja anavula chipewa, anatsegula chitseko cha kumbuyo, n'kuika dzanja pabokosi. Analankhula modekha ngati akudzutsa munthu wogona. "Achimwene, ndine mkulu wanu. Mwanayu sanachite mwano, amafuna kukuthandizani. Galimoto ndi yanu, palibe akulandeni. Kumudzi anthu akudikira, tiyeni tizipita."

Palibe anakhudza china chilichonse. Pansi panangomveka khu, giya n'kugwira. Galimoto inayamba kuyenda yokha pang'onopang'ono, Dalitso maso ali tong'o pachiwongolero. Anthu ena anakwera, enawo analowa m'lole ya operekeza maliro yomwe inali itaima panja pa galaja, ndipo chifunga chinawameza asanafike n'komwe pamsewu waukulu.

Che Saidi atabwera ndinawafotokozera zonse. Sanandikalipire. Anatenga beseni lija, n'kumathira oyilo wakaleyo m'chigubu cha lita imodzi, akuwerenga. Anakwana malita asanu. Anayang'ana mabotolo atatu opanda kanthu omwe ndinathira ine. "Injini ikakhala chete oyilo amatsikira m'sampu, dipusitiki n'kukunamiza," anatero. "Ndi malita awiri osowa, galimoto imeneyo siyenera kutuluka ngakhale pageti pano. Ya ku Tsangano ndiye usanene, ndi zitunda zija."

Koma inakafika. Dalitso anatiimbira patatha masiku atatu kuti anaika maliro nthawi yabwino. Anati galimoto inayenda osavuta mpaka pakhomo, ndipo atangotsitsa bokosi sinagwirenso giya. Tinapita ndi Che Saidi kukaiona. Che Saidi atanunkhiza dipusitiki anapukusa mutu, ndipo ndinadziwa kuti zam'kati zonse zapsa chifukwa cha kuchepa kwa oyilo. Mayi wamasiye uja, yemwe ankayembekeza kuti galimotoyo izimunyamulira kachewere kupita kumsika, anatiuza kuti tisadzivute. "Eni ake atenga chinthu chawo," anatero, n'kundithokoza pogwada, ine amene ndinamuphera galimoto.

Za kugogoda kuja, ndi za momwe inakwerera zitunda, sindidziwa mpaka lero, ndipo sindikonda kuziganizira. Chomwe ndikudziwa ndi cha malita awiri aja. Pano ndili ndi galaja yangayanga, ndipo oyilo aliyense wotuluka m'giyabokosi ndimamuyeza ndisanathire watsopano, kaya mwini wake akufulumira chotani. Ndikalakwitsa ndimanena pomwepo, anthu akuona. Mayi amasiye aja sindinawauze kuti wolakwa ndinali ine, ndipo anamwalira chaka chathachi akunyamulabe kachewere pamutu.