Foni inali yanga, nkhani zinali zake

Mafomu a sukulu yakunja tinalemba tili awiri, ine ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali a ku Chileka. Ndine wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri, ndipo pa Chingerezi ndinkamuposa kuyambira ku pulayimale, moti kalata yake ndinamukonzera ndine. Asukuluwo anatenga iyeyo. Ine ananditumizira mizere itatu yondithokoza.

Tsiku lonyamuka tinamuperekeza ku bwalo la ndege. Amayi a kutchalitchi anaimba, abusa anapemphera, ine ndinanyamula chikwama chachikulu uku ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Ndege itazimiririka ndinakwera minibasi kubwerera ku Lirangwe, kumene ndimaphunzitsa Fomu 2.

Foni ya azakhali inali ya mabatani, choncho zithunzi ndi mauthenga onse ochokera ku Glasgow ankafikira kwa ine. Loweruka lililonse ndinkapita ku Chileka kukawamvetsera, n'kugona konko kuti mawa lake tipemphere limodzi.

"Achemwali, kuno basi imafika nthawi yake yeniyeni, ndipo kondakitala kulibe," ankatero msuweniyo. Sabata ina anasochera, n'kutulukira pa kashopu kogulitsa ufa woyera ndi therere. Sabata ina mayi wina wokalamba wa kutchalitchi anamutengera kwawo kukamwa tiyi, n'kumupatsa jekete la malemu mchemwali wake. Anajambula chipinda chake, desiki yakeyake pawindo, ndi laibulale yansanjika. Ankadandaula kuti anthu a kumeneko amayankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Mumtima ndinkati ine ndikanawamva.

"Bwezera ndimvenso," azakhali ankatero, ataika khutu pafoni. Uthenga uliwonse ndinkaumva katatu, kanayi. Pobwerera, fumbi la pamsika wa Lirangwe linkandinyansa kuposa kale, ndipo ana asukulu ankadziwa kuti Lolemba madamu saseka.

Mwezi wachitatu, Lachitatu lina pa nthawi yopuma, kunabwera uthenga wa mawu osasa. Ntchito yoyamba ya m'kalasi imene anapereka anailephera. Mphunzitsi anamuuza kuti wangosonkhanitsa maganizo a ena, ake sakuoneka. Dzuwa linkalowa asanatuluke m'kalasi, ndipo anali atatha masiku awiri osayankhula ndi munthu. Anamaliza ndi mawu akuti, "Chonde musawauze amayi, mukudziwa za mtima wawo."

Ndinamvetsera nditaima kuseri kwa ofesi. Sindibisa, pachifuwa panga panapepuka. Ndinamulembera kuti alimbe mtima, ndikumupempherera, kenako ndinalowa m'kalasi n'kuphunzitsa bwino kwabasi.

Lamlungu lake titatuluka m'tchalitchi, mkazi wa mkulu wa mpingo anandigwira dzanja.

"Nanga mtsikana wathu wa ku Ulaya ali bwanji? Koma inu munatsala bwanji, poti anzeru tinkati ndinu?"

Anafunsa akuseka, mwina analibe choipa. Ine ndinayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Kunja sikophweka, mayi. Ntchito yoyamba walephera, akungolira. Koma musauze munthu."

Ndinkawadziwa bwino amene ndinkawauzawo. Pofika Lachinayi nkhani inali itamera miyendo: akuti amuchotsa sukulu, akuti akusambitsa nkhalamba kuti apeze ya ndege.

Lachisanu m'mawa mphunzitsi wamkulu anandiitana kuti kwabwera mlendo. Ndinapeza azakhali atakhala pa benchi panja pa ofesi, atavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi. Munthu amene amadana ndi minibasi anali atakwera ziwiri.

"Ndipatse ndimve ndekha," anatero titangopatsana moni.

Ndinawatsegulira. Anamvetsera kamodzi kokha, n'kundibwezera foni.

"Ndiye sanamuchotse."

"Ayi, azakhali."

"Mwana anati usandiuze ine. Iwe n'kusankha kuuza mpingo."

Ndinayang'ana nsapato zanga. Sanakalipe. Anapempha madzi akumwa, anamwa, n'kunena kuti ndisavutike kuwaperekeza, ana akundidikira m'kalasi. Sabata yotsatira mwana wawo wamwamuna wa m'tauni anawagulira foni ya zithunzi, ndipo maulendo anga a Loweruka anathera pomwepo.

Panapita mwezi ndisanalimbe mtima kumuimbira msuweniyo. Anayankha ali pa siteji ya basi, mphepo ikumveka. Ndinayamba kuzungulira, za mvula, za feteleza, mpaka anandidula.

"Ndinamva, achemwali. Ndinalibe wina woti ndimuuze, n'chifukwa chake ndinauza inu."

Ndinati pepani. Iye anati basi yafika.

Kuyambira pamenepo za moyo wake ndinkaziona pa intaneti, pamene aliyense ankazionera. Anapeza anzake, wina wa ku Zambia, wina wa ku India. Anayamba kuimba kwaya. Chipale chofewa chitagwa anajambulitsa atatambasula manja, atavala jekete la eni ake lija. Ntchito zotsatira anakhoza zonse, ndipo pomaliza anali m'gulu la ochita bwino.

Atabwerako kunali phwando kwa azakhali. Ndinadzipatsa ntchito ya kukhitchini tsiku lonse, kusenda anyezi ndi kutsuka mbale. Anandipeza komweko, anandikumbatira, n'kundipatsa sikafu yaubweya. Za nkhani ija sanatchule, ndipo mpaka lero sanatchulepo. Timachezerana, timaseka, koma akakhala ndi chomuvuta ndimachimvera kwa ena.

Mwezi watha azakhali anandiimbira kuti msuweni uja amuitananso ku Glasgow, ulendo uno zaka zitatu. Ndinati Mulungu ndi wabwino, ndipo theka la mtima wanga linkanena zoona. Nditadula foni ndinakoka mulu wa makope a Fomu 2. Kope loyamba ndinalichonga mwankhanza, moti ndinachita kubwereza.