Kachingwe ka pa Mwendo Tsiku la Mgonero

Amuna anga anamwalira mvula itangoyamba, tiyi ataphukira paliponse. Ankagwira ntchito yosonkha nkhuni m'ng'anjo ya ku fakitale, ndipo anadwala nthawi yaitali. Chinayamba ndi chifuwa, kenako miyendo inatupa mpaka nsapato zinawakana. Anandisiya ndi mwana mmodzi wamkazi wa sitandade 2, m'nyumba ya ku malayini a pa esiteti.

Patapita masiku atatu titaika maliro, alamu anga aakazi, akulu awo a malemu, amene anabwera kuchokera ku Nchilamwela, ananditengera kumtsinje m'mawa. Anandisambitsa madzi a masamba, kenako anagwada n'kundimanga kachingwe kakuda pamwamba pa kakolo, kumwendo wamanzere. Pakati pake panali kamfundo kolimba ngati njere ya nandolo.

"Mulamu, aka musadule," anatero. "Tidzamasula tokha tikadzameta kachiwiri. Mukadula nokha, imfa ya achimwene ibwerera m'nyumba, ndipo siyambira inu ayi. Iyambira mwana."

Ine ndinabatizidwa ku Makwasa ndili mtsikana, ndipo zoti wa Sabata savala chithumwa ndinkazidziwa bwino. Koma ndinali nditagona ndi njala masiku atatu, mutu atangondimeta kumene, ndipo anali atatchula mwana. Ndinangoti, "Ndamva, alamu."

Akapitawo anandilemba pa gulu lothyola tiyi kuti tisachotsedwe m'nyumba. Kumunda kachingwe sikankaoneka, chifukwa timavala majombo pothawa mame ndi njoka. Kutchalitchi ndinayamba kuvala masokosi aatali a malemu. Mayi wina wa khomo loyandikana nafe, amene timathyola mzere umodzi, anandiona nawo tsiku lina dzuwa likuswa mtengo.

"Anamfedwa, masokosi kutentha konseku? Kapena mwalowa timu ya mpira?"

Ndinaseka nawo, koma miyendo ndinaibweza pansi pa chitenje.

Kumpingo kwathu Mgonero wa Ambuye umachitika kamodzi pa miyezi itatu, ndipo tisanadye mkate timasambitsana mapazi, amayi kwaokha, abambo kwaokha. Munthu amavula nsapato, mnzake amagwada, n'kugwira phazi lake ndi manja awiri. Palibe chimene chingabisike pa mwendo. Mgonero woyamba chimwalirireni amuna anga ndinanena kuti ndatsegula m'mimba, ndipo ndinakhala pakhomo. Nyimbo zinkamveka kuchokera kutchalitchi kumtunda. Ndinazindikira kuti pa chithumwa chija ndawonjezapo bodza, komanso ndanama pa tsiku la Sabata.

Ndinkayembekeza kuti pofika Mgonero wachiwiri adzakhala atandimasula. Koma alamu anatumiza mawu akuti kumeta kwachiwiri kudikira mpaka anthu akolole.

Sabata lotsogolera Mgonerowo, mkulu wa mpingo analalikira za chiyero cha Mulungu. Anakamba za munthu uja amene anaona likasa la Mulungu likupendekeka pa ngolo, n'kutambasula dzanja kuti aligwirize, nafera pomwepo. Anati munthuyo sanafune zoipa, koma anagwira chinthu chopatulika ndi dzanja limene silinaloledwe. Anatinso Mulungu amene anatiitana ndi woyera, ndipo akufuna ifenso tikhale oyera, osati pa malaya oyera a pa Sabata pokha, koma mpaka m'thumba ndi pansi pa mphasa. Wodya mkate uja ali ndi china chake chimene akukakamira, amadzidyera chiweruzo.

Ndinakhala pa benchi ngati andikhomera ndi msomali. Kachingwe kankanditentha ngati waya wochokera pamoto. Nanenso sindinafune zoipa, ndinangofuna kugwiriza mwana kuti asagwe. Ndiye kuti ine ndi munthu wa pa ngolo uja tinali amodzi.

Lachitatu madzulo nditangotula dengu, kunabwera adikoni aakazi a mpingo wathu. Ndi mayi wachikulire, amene anagwira ntchito yosamalira odwala m'chipatala mpaka kupuma. Anakhala pakhonde, n'kufunsa za mwana ndi za kumunda.

"M'mimba muja munasiya?" anafunsa.

"Munasiya, mayi."

"Chabwino. Sabata lino mapazi anu ndisambitsa ndine. Amasiye ambiri amathawa Mgonero chifukwa amaona ngati palibe wowasankha. Ndiye ine ndakusankhiranitu."

Ndinangovomera.

Lachisanu timamaliza zonse dzuwa lisanalowe. Nditaphika ndi kusita, ndinalowa kuchipinda ndi lumo latsopano, n'kuika phazi pa mpando. Ndinalowetsa chala pansi pa kachingwe. Nthawi yomweyo mwana, amene ankatsuka mbale panja, anatsokomola. Anatsokomola kawiri kokha, mwina unali utsi, koma kutsokomola kwa bambo ake kunayambanso choncho. Lumo linagwa pansi. Ndinagwada kuti ndipemphere, koma ndinkaopa ngakhale kutchula dzina la Mulungu ndili ndi chinthu chija pathupi. Mbali iyi ndinkaopa kuika mwana m'manda, mbali inayo ndinkaopa Mwini moyo wa mwanayo. Dzuwa linalowa kachingwe kadakali pamwendo.

Sabata kunacha ndi chiperoni. Panjira yodutsa m'tiyi ndinaima kawiri kufuna kubwerera, koma mwana anali patsogolo ndi anzake, ndipo kumbuyo kunkabwera anthu.

Ulaliki utatha, amayi tinatuluka kupita kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mabulugamu, kumene anandandalika mabenchi, mabeseni ndi mathawulo. Adikoni aja ananditengera kumapeto kwenikweni. Anagwada movutikira, chifukwa mawondo amawapweteka, n'kukoka beseni. Ndinavula nsapato ndi sokosi ya kumanja. Anasambitsa phazilo, n'kulipukuta.

"Linalo," anatero.

Sokosi inakanirira pa chidendene. Anaikoka okha. Kachingwe kanaonekera, katayererako ndi thukuta ndi sopo. Amayi ena ankaimba, aliyense ataweramira beseni lake. Adikoni anakayang'ana kanthawi, kenako anakokera thawulo pamwamba pa beseni kuti oyandikana nafe asaone.

"Anakumangani ndani, mwana wanga?"

"Alamu. Anati ndikadula, mwana atsatira bambo ake."

"Ndi chimene munatsegulira m'mimba ulendo watha?"

"Eya, mayi."

"Masokosi amenewa mwabisira ine ndi amayi awa. Mulungu anali kumtsinje tsiku limene ankakumangani. Miyezi yonseyi wakhala akukuonani, ndipo sanakukantheni. Mukuganiza kuti wakhala akudikira chiyani?"

Ndinafunsa chimene chinali pamtima panga. "Mayi, ndikadula, mwana wanga safa?"

Ndinkafuna anene kuti safa. Akanatero ndikanadula nthawi yomweyo.

"Zimenezo sindingakulonjezeni," anatero. "M'chipatala ndinaona ana a zithumwa akufa, ndinaonanso ana a abusa akufa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwanayo ali m'manja mwa mmodzi. Inu mwamugawa pawiri, theka kwa Mulungu, theka kwa ulusi uwu. Woyera uja salandira theka."

"Ndiduleni inuyo."

"Ayi. Ndikadula ine, mawa mwana akatentha thupi mudzati adikoni andiphera mwana, n'kuthamangira ku Nchilamwela kukamangitsa kena. Mwendo ndi wanu. Mukafuna kukasiya, valani sokosi, mukhale kumbuyo, mkate ukudutseni. Sindiuza munthu. Koma fulumirani, mawondo anga si a mtsikana."

Madzi a m'beseni anali atazizira. Ena anali atayamba kale kuvala nsapato. Ndinaganiza za mkate ukundidutsa lero, n'kudzandidutsanso ulendo wina, mpaka nditazolowera. Ndinawerama, n'kukolowetsa zala ziwiri. Mumtima ndinati, Ambuye, mwanayu ndi wanu, ndikuopa, koma ndi wanu. Ndinakoka.

Ndinkayesa kuti kalimba, koma kanali katawola ndi thukuta ndi madzi osamba. Kanaduka osamveka n'komwe, n'kugwera m'madzi. Pamwendo panatsala mzere wotuwa. Adikoni anasambitsa phazilo mpaka pamzerepo, n'kupukuta. Kenako ndinawadzutsa, iwo anakhala pa benchi, ine ndinagwada n'kusambitsa awo. Madzi onse tinakakhuthula patsinde pa bulugamu.

M'tchalitchi, mbale ya mkate itafika pa ine, ndinatenga kachidutswa n'kukagwira nthawi yaitali. Nditaika m'kamwa ndinadikira kuti mwina ndigwa. Sindinagwe. Kakapu ka Mgonero katafika, ndinamwanso.

Mantha sanathere pomwepo. Mlungu wonse wotsatira ndinkagwira mwana pamphumi pochoka m'mawa ndi pobwera madzulo, mpaka anayamba kundithawa. Patatha milungu itatu anatenthadi thupi, n'kuyamba kusanza. Ndinamubereka ngakhale anali wamkulu, n'kutsika naye kumsewu. Pamenepo pali njira ziwiri, ina yopita kwa alamu, ina ya ku Boma, kumene kuli chipatala. Ndinaima pamphambanopo. Minibasi ya ku Boma itaima, kondakitala anati, "Amayi, mukukwera kapena mukuwerenga matayala?" Ndinakwera.

Kuchipatala anati ndi malungo. Tinagonako masiku awiri, ndipo mwana anachira. Sindinena kuti anachira chifukwa ndinadula, pakuti pa bedi loyandikana nalo mayi wina wopemphera kuposa ine anatuluka ndi nsalu yoberekera yokhayokha, wopanda mwana. Ndimangodziwa kuti masiku awiri amenewo ndinatha kupemphera osabisa mwendo.

Kale ndinkaganiza kuti munthu amayera tsiku la ubatizo basi, n'kumangosunga. Tsopano ndimaona ngati ntchito yathu ya m'munda. Uthyola mzere lero mpaka kuyera, pakapita masiku owerengeka waphukiranso, ubwerere ndi dengu. Mwana akatsokomola, dzanja langa limapitabe lokha pa kakolo.

Anthu atakolola, alamu anabwera kudzameta kachiwiri. Tili kumtsinje anagwada kuti amasule, n'kupeza palibe.

"Kanaduka kokha?" anafunsa. Anandipatsa okha njira yothawira, ndipo bodzalo linafika pa lilime.

"Ayi, alamu. Ndinadula ndine, tsiku la Mgonero."

Anadzuka, n'kusasa mchenga m'mawondo. "Munaika mwana wa achimwene pa njuga," anatero. Anandimeta osayankhulanso, ndipo lumo linandicheka kawiri kuseri kwa khutu. Masana anakana kudya m'nyumba mwanga. Pochoka anaitana mwana, anamugwira m'masaya, anamuyang'ana m'maso ndi m'zikhatho nthawi yaitali, kenako anamupatsa nthochi zimene anabwera nazo. Ine sananditsanzike. Ndinawanyamulirabe thumba lawo mpaka kumsewu.