Ndinaba Mitengo ya Mpanda wa Ng'ona

Inu owerenga, ine ndinapha mkazi wanga. Sindinamumenye, sindinamuthire mankhwala m'chakudya, ndipo pamene ankafa ndinali kumunda. Abale ake analira nane limodzi nkumandipepesa ngati munthu wongogweredwa tsoka. Koma ine ndikudziwa chimene ndinachita, ndipo ndafuna ndichinene ndisanatsikire kuli chete, kuti mwina wina aphunzirepo.

Zinachitika nkhondo ya Ajeremani isanayambe, ndili mkamwini m'mudzi wina wa m'mbali mwa Shire, m'dziko la mfumu yaikulu Malemia. Masiku amenewo sitinkakhala pamodzi ayi. Aliyense ankamanga pafupi ndi dimba lake, wina apa wina uko, moti mkango ukagwira mbuzi za mnzako unkamva mawa lake. Madzi akasefukira ankapeza aliyense ali yekhayekha. Ndiye kunabwera kapitawo wa ku boma ndi mawu akuti nyumba zonse zisonkhane pamtunda, zimangidwe m'mizere, tchire lilambulidwe kuzungulira mudzi ndipo banja lililonse likumbe chimbudzi.

Ambiri tinanyinyirika, pajatu kusamuka ndi ntchito. Koma kapitawoyo sanali munthu wongolamula. Anaitanitsa msonkhano nati aliyense anene chomwe chikumuopsa pamalo atsopanowo. Amuna tinangoti kukamwa yasa, osanena kanthu ka nzeru. Amene analankhula anali apongozi anga aakazi, amake a mkazi wanga.

"Bwana, mwatibisa kwa mikango, takhuta, zikomo. Nanga ng'ona? Dooko la pamtunda apo ndi lakuya, ndipo amene amapitako m'mawa uliwonse ndife akazi, osati awa akhala chete apawa."

Anthu anaseka, koma mawuwo anagwira. Panagwirizanidwa kuti timange mpanda m'madzi kuzungulira dooko, kuti akazi azitunga ng'ona ili kunja. Kapitawo anabwereketsa nkhwangwa za ku boma, mfumu inagawa ntchito.

Mtengo wosaola m'madzi kwathu ndi tsanya, ndipo tsanya samera m'mbali mwa mtsinje. Tinkapita kutali, kumunsi kwa mapiri, nkubwera titasenza pamapewa dzuwa la chigwa likutiwotcha. Amene ankasongola mitengoyo anali alamu anga a Zuze, achimwene ake a mkazi wanga, munthu wosalankhulalankhula. Ankasema nsonga yaitali ndi kasemasema, kenako nkuiwaula pamoto kuti ilimbe, ilowe bwino m'matope.

Ine ndinali msodzi, wozolowera bwato kuyambira ubwana, ndiye anandipatsa ngodya ya kuya, ya kumunsi kwa madzi, kumene anzanga ankaopa. Ndinkatenga mitengo m'bwato, kukaikhoma ndekha, nkulukira bango pamwamba pake. Palibe ankandiyang'anira. Ankandikhulupirira.

Tsono vuto langa linali nyumba. Anzanga atayamba kumanga m'mizere muja ine ndinali pa nsomba, ndikuti ndiyamba mawa. Mvula itayandikira, mzere wathu wonse unali utafoleredwa kupatula pamalo panga, pamene panali kachisakasa ka mapesi. M'menemo ndimo tinkagona ine, mkazi wanga Nachisale ndi kamwana kathu kakakazi, Ndaziona, kongoyamba kuyenda. Akazi podutsa ankaseka mokweza kuti ndimve, ati akamwini ena amabwera ndi mimba yokha manja anasiya kwawo. Apongozi sankandiyang'ana kumaso monga mwa mwambo, koma mawu awo ankandipeza bwinobwino kudzera m'mapesi muja. Kapitawo nayenso anali atanena kuti akabwera kudzayendera safuna kuona chisakasa pamzere.

Nachisale yekha sanandinyozepo. Ankangoti, "Abambo ake Ndaziona, musadandaule, mumanga." Chifundo chakecho chinkandipweteka kuposa kuseka kwa akazi aja.

Kubwereranso kumapiri kukadula mitengo yanga ndinaona kutalika. Pamenepo ndi pamene mtima unandinamiza. Mitengo ya tsanya inali mulu pagombe, yosongoka kale, yowongoka, ikungondiyang'ana. Ndinayamba kuipatula pang'onopang'ono. Ndikaikweza m'bwato, m'malo mopita nayo pa ngodya yanga ndinkatsetsereka nayo kumunsi nkukaibisa m'bango, ndipo pobwerera ndinkadula mikuyu ya m'mbali mwa mtsinje nkukakhoma m'malo mwake. Mkuyu aliyense amaudziwa, ndi mtengo wofewa, suchedwa kufumbwa. Koma ukaupaka matope nkuuphimba ndi bango, munthu woima pamtunda sangausiyanitse ndi tsanya. Tsanya uja ndinkabwera naye m'mudzi kudzera njira ya kumadimba ngati ndachokera naye kutchire, nsonga nditazikulunga m'udzu wofolera, nkuzikwirira m'maenje msangamsanga.

Musaganize kuti ndinkafuna munthu afe. Ndinkadziuza kuti ndangobwereka, mvula ikatha ndidzapita kumapiri ndekha nkudzakonza. Wakuba aliyense amadzitcha wobwereka.

Nyumba inatha, ndipo inali yabwino kuposa zonse pamzere wathu. Kapitawo atabwera anagwedeza nsanamira, sinasunthe, nauza anthu kuti azimanga chonchi. Anapitanso kudooko, naima pamtunda, nayamika mpanda. Apongozi anatuma mwana kudzandipatsa nkhuku. Ndinaidya nkhuku ija, inu owerenga, mpaka kunyambita zala.

Chimene sindinachiganizire ndi ichi. Kale mpanda kulibe, akazi athu ankaiopa Shire ndipo mantha awowo ndi amene ankawasunga. Ankatunga ataima patali, chikho atachimangirira ku nsungwi yaitali. Asanayandikire ankayamba aponya miyala m'madzi. Mwana sankaloledwa kuponda ndi chala chomwe. Mpanda utatha, nsungwi zija zinasanduka zoyanikira nsalu. Akazi anayamba kulowa mpaka m'mawondo, ena mpaka m'chiuno, kusamba, kuchapa, kusambitsa ana uku akuimba. Mudzi wonse unavula mantha nkuwapachika pa mpanda, osadziwa kuti ngodya imodzi ndi ya mkuyu.

Ndipo Nachisale ankakonda ngodya yomweyo. Madzi ake anali oyera chifukwa cha kuya, komanso ankanyadira. Ndinamumva ndi makutu angawa akuuza anzake kuti pamenepo ndi polimba kuposa ponse, poti anamanga ndi amuna ake. Tsiku lina ndinamuuza kuti asamasambire cha kumunsi kuja. Anandifunsa chifukwa. Apa ndi pamene ndikanamupulumutsa. Mawu anafika pakhosi, koma ndinaganiza za kuseka kwa akazi aja, za mfumu, za kapitawo, za kupirikitsidwa pa ukamwini ngati galu. Ndinangoti madzi akuya sazolowereka. Iye anaseka nati, "Msodzi akuopa madzi? Kapena simukhulupirira manja anu omwe?" Ine ndinaseka naye.

Mvula inagwa, mtsinje unadzaza, ndinati ndidikire madzi aphwe. Madzi ataphwa ndinati ndiyambe ndabzala kudimba chinyontho chisanathawe. Nditabzala ndinati nditole kaye thonje. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Nthawi zina ndinkadutsa pa ngodya ija m'bwato, nkugwira mtengo umodzi, kumva ukugwedera ngati dzino la nkhalamba, nkupalasa kupitirira.

M'mawa wina ndili kudimba ndinamva mfuu kuchokera kudooko. Sindinafunse kuti kwachitika chiyani kapena wagwidwa ndani. Miyendo yanga inadziwa ndisanauzidwe. Nditafika ndinapeza akazi akugubuduka pamchenga, mtsuko wa Nachisale ukuyandama, Ndaziona ali m'manja mwa mayi wina akulira. Pa ngodya yanga panali mpata woti bwato nkulowa. Ng'ona inangokankha mikuyu yoola ija nkumutenga Nachisale ali chiweramire kutsuka kumaso.

Tinathamangira m'mabwato ndi mikondo, tinasaka mpaka dzuwa kulowa. Tinamupeza mawa lake m'bango, kumunsi. Za mmene analili sindinena.

Anthu anati madzi osefukira ndi amene anafooketsa mpanda. Ena ananong'ona kuti ng'ona imeneyo inali yotumidwa. Palibe analoza ine chala, poti zidutswa za mkuyu zinali zitapita ndi madzi, komanso ndani angaganizire mwamuna amene akudzigwetsa pansi pamaliro a mkazi wake? Kulira kwanga kunali koona, koma iwo sankadziwa chimene ndikulirira. Amati choipa chitsata mwini. Changa chinandilambalala ine nkutsata mkazi wanga.

Kwathu, mwini nyumba akamwalira nyumbayo siikhalanso. Maliro akatha, anthu atameta, abale amaigwetsa nkuitentha. Mwambo umenewu ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana, koma chisoni chinandiiwalitsa chimene chinali m'nthaka pansi pa nyumba yanga. Ndinakumbuka nditaona a Zuze ndi amuna ena akusasula denga. Ndinakhala pansi pa mtengo ndikuyang'ana.

Atafika pa nsanamira, anyamata anadandaula kuti zalowa pansi kwambiri. A Zuze anakumba okha imodzi, naigwedeza, naizula. Inatuluka ndi nsonga yake yaitali, yakuda, yowauka pamoto. Mtengo wa nyumba sasongola choncho. Anaipukuta dothi ndi chikhatho, nayendetsa chala m'mene munadutsa kasemasema. Kenako anatukula maso nkundiyang'ana. Sanakalipe. Anauza anyamata aja kuti akatenge moto ndi udzu wouma, zotsalazo azula okha. Anazula imodziimodzi, iliyonse nkuilowetsa pansi pa mulu wa udzu nsonga ili kutsogolo, mpaka zonse zinabisika. Moto anayatsa okha.

Patapita masiku anandisudzula monga amachitira ndi mkamwini amene mkazi wake wamwalira. Apongozi anandilankhula maso ndi maso koyamba, akulira. Anati ndinali mkamwini wabwino, ndinamangira mwana wawo nyumba yoti anthu nkuloza, ndipo ndizibwera kudzaona Ndaziona nthawi iliyonse. Mwanayo anatsala kwa amake, poti kwathu mwana ndi wa kuchikazi. A Zuze anati andiperekeza.

Tinayenda mpaka mudzi unabisika. Pamphambano anaima.

"Alamu, mitengo ija ndinasema ndine. Dzanja langa ndimalidziwa."

Ndinagwada pamsewu pomwepo, koma anandiletsa kulankhula.

"Sindikauza mfumu, sindikauza boma, ngakhale amayi sadzamva. Si chifukwa cha inu. Sindifuna mwana wa mlongo wanga akule akulozedwa kuti bambo ake anagulitsa amake ndi nsanamira. Koma m'mudzi muja musadzapondemonso. Mukadzangoonekera, ndidzanena."

Anatembenuka nkumapita. Ndinamva pambuyo pake kuti anapita okha kumapiri, nakadula tsanya, nakonza ngodya ija, ndipo anagwedeza mtengo uliwonse wa mpanda wonsewo ndi manja awo.

Ine ndinakwera sitima ya pamadzi nkukagwira ntchito yodula nkhuni za sitimazo cha ku Chiromo. Nkhondo itabwera ndinasenza katundu wa asilikali, anzanga ambiri anafera m'njira, ine ndinabwerako wamoyo. Sindinakwatirenso, ndipo chichokereni m'mudzi muja sindinamangepo nyumba yanga. Ndimagona m'zisakasa za pantchito, ndipo ndimaona kuti ndi zondiyenera.

Inu owerenga, mudzi ukagwirizana kuchita ntchito yotchinjiriza anthu, kaya ndi mpanda, kaya ndi chitsime, kaya ndi mlatho, nkukupatsani gawo lanu, dziwani kuti akupatsani miyoyo ya anthu m'manja. Gawo limene palibe akukuonani ndi limene muyenera kuligwira ndi mtima wonse. Ngati simungathe, nenani poyera kuti sindingathe. Bola dooko lopanda mpanda, anthu nkumatunga ndi mantha awo, kusiyana ndi mpanda wabodza umene uwauza kuti lowani. Ndipo ngati mwalakwa kale, ululani lero pamene choipacho chikadali mtengo wogwedera. Ine ndinaopa kusekedwa ndi akazi a padooko. Kusekako bwenzi kutatha mwezi usanathe, ndipo Nachisale bwenzi alipo.

Chaka chatha ndinakumana ndi munthu wa m'mudzi muja atabwera kudzagulitsa nsomba zouma. Sanandizindikire. Ndinamufunsa mozungulira za Ndaziona. Anati anakula, anakwatiwa, ali ndi mwana wakhanda kumsana, ndipo nkhope yake ndi ya amake yeniyeni. Ndinafunsanso za bambo ake. Munthuyo analavula pansi nati mkamwini ameneyo anali wopanda mtima, maliro atangotha anachoka osabweranso kudzaona mwana wake ngakhale kamodzi, ndipo mtsikanayo safuna nkomwe kumva dzina lake.

Ndinagula nsomba zake nkumuthokoza. Mwana wanga amadana nane chifukwa choti ndinamuthawa, ndipo sindingapite kukamuuza kuti sindinamuthawe, poti akadzafunsa chimene chinandichotsa, ndidzayenera kumuuza amene anatsegulira ng'ona njira ya kwa amake.