Malo Adzaza kwa Sabela

Sabela Lourido sanalotepo zodzakhala ndi malo odyera. Anali wosoka maukonde padoko, ngati mayi ake, m'katauni ka asodzi ku Galisiya, komwe chifunga chikagwa ngakhale belu la tchalitchi limamveka ngati likulirira pansi pa madzi. Mwamuna wake, Amaro, anali ndi boti lake. Likakocheza masana, amuna onse a m'botimo ankakadyera kwa Sabela, m'chipinda chapansi momwe kale ankathiriramo nsomba mchere. Munali tebulo lalitali ndi mabenchi basi. Ankawaphikira nsomba zotsala pogulitsa, pamodzi ndi mbatatesi ndi anyezi, n'kutsira pamwamba mafuta a tsabola wofiira.

Chaka chimene mwana wawo Iria anayamba kuyenda, botilo linapita osabwerako. Nyanja inabweza anzake a Amaro mmodzimmodzi pamiyala, koma Amaroyo inamukakamira. Popanda mtembo panalibe maliro, ndipo Sabela anakana kuvala zakuda. Masana aliwonse ankaphikabe poto wodzaza, n'kuyala mbale, n'kukhala yekha kumapeto kwa tebulo.

Wa m'botimo amene anatsala ndi moyo anali Xurxo yekha, mng'ono wake wa Amaro. Tsiku la ngoziyo anatsalira kumtunda chifukwa mbedza inali itamuboola dzanja, ndipo kuyambira pamenepo ankaizemba nyumbayo. Koma tsiku lina la chifunga akudutsa anamva fungo la anyezi, miyendo n'kungomulowetsa yokha.

"Alamu, chakudya chonsechi n'cha ndani?"

"Khalani uko," anatero Sabela, akuloza ndi chipande. "Apo ayi. Apo pali eni ake."

Xurxo anati aseke, koma chitseko chinatseguka chokha, pang'onopang'ono, kunja kulibe ndi kamphepo komwe. Munalowa kuzizira ndi fungo la ndere zowola. Benchi la kukhoma linalira ngati pakhala munthu wolemera thupi. Kenako pansi pake panayamba kudontha madzi, n'kumayenderera pasimenti mpaka kukhudza nsapato ya Xurxo. Mbale sinasunthe, supuni sinasunthe, koma nthunzi ya msuzi inkapendekera kukhomako ngati wina akuikoka ndi mpweya.

Sabela ankamwetulira, ndipo n'zimene zinamuopsa kwambiri Xurxo. Anaona kuti mlamu wake waonda, milomo yatuwa, chakudya chake sanachikhudze.

"Achimwene amabwera liti?"

"Chifunga chikagwa. Salankhula, amangokhala. Koma ulendo watha ndinamva ngati akuti ndiwaperekeze kudoko."

"Ndiye munapita?"

"Ndinafika pakhomo. Iria analira, ndinabwerera."

Xurxo sanapite kwa wansembe. Ankadziwa kuti akangopatsidwa madzi odalitsa, pamene madzi ndi amene anali atachuluka kale m'nyumbamo. Anapita kudoko. Mawa lake masana anatulukira ndi asodzi a maboti ena, aliyense nsomba ili m'manja.

"Alamu," anatero Xurxo, "anthuwa akazi awo amaphika ngati akulanga munthu. Achitireni chifundo."

"Iwe dzanja limodzi, ungadziwe chiyani za akazi?" anatero Breixo, chimunthu chonenepa chimene chinkasodza nkhanu. "Anakukana ndi amasiye omwe!"

Anadzaza mabenchi onse. Pamalo a kukhoma paja panakhala Breixoyo. Anati msana unamuzizira mpaka madzulo, koma sanasunthe. Potuluka amunawo anapangana kuti masana pasamapezeke malo opanda munthu, makamaka kukachita chifunga. Sabela sanawathamangitse. Sanawathokozenso. Ankangowonjezera mbatatesi, maso ali kuchitseko.

Zinayenda choncho mpaka tsiku lina chifunga chinagwa chokhuthala moti palibe boti linatuluka. M'chipindamo munadzaza anthu, ena ankadya choimirira. Nkhani zili mkati, onse anangoti zii, osadziwa chawatontholetsa. Chitseko chinatseguka. Kunja kunali mbuu, munthu panalibe, koma pamwala wa pakhomo panali zidindo ziwiri zonyowa za nsapato zazikulu, zoloza mkati. Madzi ake sankauma, ankawonjezekera. Palibe anatafuna. Breixo anagwira tebulo ndi manja onse awiri.

Sabela anaika chipande pansi, n'kupukuta manja pa epuloni. Xurxo anamugwira mkono, iye n'kumusasa.

"Bambo a Iria," anatero motsitsa mawu atafika pakhomo, "mwadzionera nokha. Malo adzaza. Mwanayu ndilera, musade nkhawa. Ine sindibwera. Pitani mukapume."

Anaima pomwepo kwa nthawi, ngati akumvetsera. Kenako anatseka chitseko ndi manja ake, anadzipakulira mbale yodzaza, n'kudya misozi ikugwera mumsuzi. Amunawo anayang'ana m'mbale zawo.

Sabata isanathe, otola nkhono anapeza mtembo pamiyala ya kumpoto. Anauzindikira kuti ndi wa Amaro chifukwa cha juzi imene Sabela analuka yekha. Anauika pafupi ndi anzake aja, ndipo Sabela anavala zakuda.

Asodziwo sanasiye kubwera. Madalaivala a malole a nsomba anamva za msuziwo, kenako alendo a nyengo yotentha, mpaka Sabela anasiyiratu maukonde. Iria atakula anagumula khoma kuti chipinda chikule, n'kulemba dzina la mayi ake pamwamba pa chitseko, ndipo lero akuphika ndi ana ake. Sabela anamwalira atakalamba zedi. Zimene anamva pakhomo paja sanauzepo munthu, ngakhale mwana wake. Xurxo anadya pomwepo masana aliwonse mpaka mano anamuthera m'kamwa, ndipo tsiku lililonse ankadandaula kuti mchere wachepa.