Ofesi Yopanda Chitseko ku Nacala

Tsiku limene anatsegula kontena ya Muanacha Selemane padoko la Nacala, nandolo yense anali atafumbwa. Katunduyo anakhala padzuwa nyengo yonse chifukwa bwana Baltazar, mkulu woyesa mbewu zopita kunja, sanasaine kuti ndi wabwino. Sikuti anapezamo vuto ayi. Anaitanira Muanacha m'chipinda, n'kutseka chitseko, n'kufunsa kuti, "Nanga ine ana anga adya siginecha?" Mayiyo anakana kupereka.

Lole yake inagulitsidwa, nyumba inapita. Anthu amene ankadya kwake anayamba kuwoloka msewu akamuona. Musadabwe, anthu ndi otero.

Muanacha anayamba kukazinga nsomba ndi chinangwa pageti la doko. Amalonda amene kale ankapikisana naye ankabwera kudzagula, ena kudzangoseka.

"Dona Muanacha, mwakwezedwa eti? Dzana mumatumiza ku India, lero muli pachiwaya!"

"Idyani, achimwene. Tsabola ndi waulere, sindikuitanirani kuseri."

Pachiwayapo anamva zambiri. Aliyense ankadandaula za Baltazar, koma monong'ona, uku akuyang'ana kumbuyo. Ndipo anaona chinthu chimodzi: palibe amene anapemphedwapo chiphuphu pali munthu wina. Mkuluyo ankaitana mmodzimmodzi.

Patapita zaka, alimi a ku Ribáuè amene ankamudziwa kale anamupatsa zokolola zawo kuti awagulitsire kunja. Ulendo uno nandolo akanafumbwanso, sakanagwa yekha. Akanagwa ndi midzi yathunthu.

Anachita lendi shedi yaing'ono, ndipo asanalowetse thumba ngakhale limodzi anaitana kalipentala kuti azule chitseko cha ofesi.

"Mayi, nanga akuba?" anafunsa kalipentalayo.

"Akuba amene ndimawaopa ine amagogoda, ndipo timawapatsa mpando. Zulani."

Kenako anayenda kwa amalonda ang'onoang'ono anzake. Anawapempha kuti woyesa mbewu akabwera kwa mmodzi, onse azipezekapo. Onse anavomera ndi pakamwa. Tsikulo litafika, ambiri anadwala mwadzidzidzi, ndipo wina dzina lake Momade anali atakapereka kale kuseri. Anabwera ochepa chabe, koma alimi anatsika palole ndi fumbi lawo, onyamula matumba nawo anaima pomwepo.

Baltazar anafika, anatapa nandolo m'matumba angapo, n'kumuyang'ana mosasamala.

"Tikambirane mu ofesi, Dona."

Atalowa anaponya dzanja kumbuyo kuti atseke. Anagwira mphepo. Pakhomo panali nkhope zokhazokha.

"Anthu awa akufuna chiyani?"

"Ndi eni ake a nandolo, bwana. Akufuna amve zimene mwapeza."

"Nkhani zina ndi za anthu awiri."

Mlimi wina wachikulire, Mayi Atija, anayankha ali pakhomopo: "Mwanangu, ngati muli tizilombo, tionetse tikaphe. Ngati mulibe, saina. Kwathu n'kutali."

Baltazar anati abweranso mawa, ndipo sanabwere. Sitima yapamadzi inali itayamba kale kupakira. Amalonda ena anauza Muanacha kuti, "Achemwali, perekani basi, chilungamo sichikwera sitima." Iye anapukusa mutu.

M'malo mwake anatenga gulu lonse kupita ku ofesi ya Baltazar. Sanaimbe, sanatukwane. Anangokhala pansi m'khonde, ndipo Mayi Atija anakhala pakhomo penipeni atatambasula miyendo, moti chitseko sichikanatsekeka. Aliyense wodutsa ankafunsa kuti kwagwanji, ndipo ankamuyankha mwaulemu kuti, "Tikudikira kuti bwana atiuze vuto la nandolo wathu."

Mawu amenewo anafika kwa akuluakulu a Baltazar. Mmodzi anatsika n'kumufunsa funso lomwelo pamaso pa anthu. Baltazar anatenga cholembera. Anasaina, ndipo nandolo wa ku Ribáuè anakwera sitimayo.

Lero Muanacha amatumiza nandolo ndi chitowe chaka chilichonse. Amalonda amene anadwala tsiku lija ndiwo anakhala oyamba kulowa m'bungwe limene iye anayambitsa, ndipo akamafotokoza mungaganize kuti nzeruyo inali yawo. Lamulo la bungwelo ndi limodzi: wa boma akafuna kulankhula ndi membala, alankhule anzake akumva.

Musaganize kuti ziphuphu zinatha. Baltazar sanamangidwe, anangomusamutsira kwina, ndipo kumeneko mwina akunenepa. Ine ndakalambira padoko lino, ndaona ambiri olalikira chilungamo masana n'kukapereka madzulo. Koma mayi uyu anakana kawiri konse, poyamba n'kutaya zonse, kachiwiri n'kupambana.

Tsono inu amene anakugwetsani chifukwa munakana kupereka, musataye mtima. Dzukani, yambiraninso ngakhale ndi zochepa. Ndipo akadzakuitanirani kuseri, musapite nokha.