Zala Zitatu za Burama, Dzina la Fakoro

Fakoro Ballo ndi munthu wamfupi, wa dazi lowala ngati mbiya zimene amaumba mkazi wake Nyeba. Sukulu adangoisuzumira pa mpanda, koma chitsulo ankachiwerenga kuposa mphunzitsi. Kwa zaka makumi atatu, mfuti ya gogodela iliyonse yolira bwino kuno ku Wasulu inkatuluka m'chipala chake. Mpope wa mfutiyo ankaupanga ndi chitsulo cha chiwongolero cha malole akufa. Asanapereke mfuti kwa mwini wake ankaimangirira pa mtengo wa bwemba, kuithira wonga wakuda wochuluka dala, nkukoka chingwe iye atagona chafufumimba kuseri kwa chulu. Anthu ankamuseka kuti ndi wamantha. Iye ankati mantha akewo ndi amene asungira alenje onse zala zodyera.

Chuma analibe. Anali ndi dzina basi, ndipo ankalinyadira mopitirira muyeso wa msinkhu wake.

Mnzake wa ponda apa nane mpondepo anali Burama Sangare, mlenje wamtali ngati nsungwi, wa mtundu wa Afula, anthu oweta ng'ombe. Osula zitsulo ndi Afula ali pa chisuweni chosiyidwa ndi makolo: kutukwanana nkololedwa, kukwiya nkoletsedwa, kusumirana ndiye malaulo. Burama ankayamba akadali kumsewu, kufunsa ngati kapolo wake wonyambita makala wadzuka. Fakoro osatukula ndi mutu womwe ankayankha kuti akazi atsekere ng'ombe, wakuba wa miyendo ya udzudzu wafika. Akatero ankanyemerana mtedza umodzi wa kola.

Matenda a Burama anali kutamandidwa. Woimba zeze wa alenje akangotchula dzina lake, bamboyo ankatupa ngati chule.

Tsono mkamwini wake wa ku Bamako adamubweretsera bokosi la zipolopolo za chifefe, pomwe chifefecho Burama analibe. Mphatso za anthu a m'tauni zimakhala choncho. Tsiku lina Burama adafika kuchipala atang'amba chipolopolo chimodzi, wonga wake uli m'chikhato, timibulu totuwa ting'onoting'ono. Adati wamva kuti umenewu ulibe utsi ndipo umalira kawiri. Nanga atauthira mu gogodela? Fakoro adaika nyundo pansi.

“Tamvera, wakuba iwe. Wonga wathu wakudawu umakankha. Uwowo umamenya. Mpope wanga ndidaupangira wokankha. Ukathiramo umenewo, kaya pang'ono, kaya wosakaniza, dzanja lako ukalitola m'mitengo.”

Burama adaseka, nati dziko latha, akapolo ayamba kuphunzitsa ambuye awo. Komatu ankadziwa kuti Mamuru, mkulu wa alenje, adalamula kalekale kuti wothira wonga wa chifefe mu gogodela adzavulidwa malaya a ulenje, zithumwa ndi zonse, pamaso pa anthu.

Pa sadaka ya masiku makumi anayi ya malemu Zan, mlenje wakale, alenje adandanda pabwalo dzuwa lili paliwombo. Aliyense akawomba, utsi woyera unkaphimba anthu, fungo la mazira owola lili guu, akazi nkululutira. Itafika nthawi ya Burama, kudamveka kulira kwina, kouma, kobaya m'makutu. Utsi wake sukadakwana ndi kuthamangitsa ntchentche. Mpope udatseguka ngati khoko la nthochi. Chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira zidapita osatsazika.

Anthu ali yakaliyakali kukweza wovulalayo pa njinga yamoto, Fakoro adatola mpopewo. Adapisamo chala, chidatuluka choyera, chopanda mwaye. Adanunkhiza. Apo adadziwa zonse.

Ndiye mverani uchitsiru wa munthu wabwino. Adaubisa mpope m'malaya, kuthamangira kuchipala, kupemerera moto, nkuusula mpaka udasanduka chiphwathalala chosadziwika mutu wake. Ankati Mamuru akauona, mnzake ataya zala ndi malaya tsiku limodzi. M'mawa mwake adapita kuchipatala ndi nkhuku, nauza wodwalayo kuti tsopano ng'ombe za anthu zipuma. Burama adamwetulira pang'ono, maso ali kukhoma.

Patapita masabata atatu alenje adakhala pansi kuti amve chimene chidachitika. Fakoro adapita wosadera nkhawa, atakonzeratu zonena, zoti ngozi ilibe mwini. Burama adaimirira, dzanja lili m'nsanza, nalankhula motsitsa ngati shehe.

“Akuluakulu, ine sindikudandaula. Bambo Ballo akula, maso ayamba kuwathawa. Chitsulo chija chinali chofooka, koma chonde musawalange.”

Bambo Ballo! Zaka makumi anayi munthu akumutchula kapolo, lero ulemu wachokera kuti? Koma ulemu umenewo ndi umene udagwira ntchito. Anthu adayang'anana: Mfula akasiya kutukwana wosula, ndiye kuti nkhani ndi yoona.

Fakoro adadzambatuka, nakuwa kuti wakuba ng'ombeyu akunama, adathira wonga wa chifefe, iye adamuletsa ndi pakamwa pake. Bwalo lonse lidafa nalo phwete. Ati asuweni ayambanso. Akamawonjezera kulumbira, anthu ankawonjezera kuseka, ena mpaka kupukuta misozi. Mamuru yekha ndiye adafunsa modekha kuti mpopewo uli kuti, awuone. Fakoro adati adausula. Kuseka kudatha pomwepo. Wosalakwa amathamangira kusula umboni chifukwa chiyani? Za utsi palibe adakumbukira, poti tsikulo aliyense ankayang'ana magazi.

Chilango sichidaperekedwe. Kudangochitika kuti mfuti zofuna kukonza zidayamba kudutsa pakhomo pake zili pamapewa, kulunjika kwa wosula wina wa kutsidya kwa mtsinje. Ena odutsawo anali oti mfuti zawo adawapangira atate awo. Nyeba adamuuza kuti akasume, kaya kwa ndani. Fakoro adamufunsa kuti adamvapo liti wosula atasumira Mfula, ndipo adzaikidwa m'manda ati akatero.

Madzulo ena, pachipala palibe munthu, Burama adatulukira. Adayesa kafunso kake ka kapolo wonyambita makala, koma kadamufera m'kamwa. Adakhala pa chitsa nkuti:

“Akadandivula malaya, m'bale wanga. Ine ndataya zala. Iwe wataya chiyani? Mawu chabe. Manja onse uli nawo.”

Fakoro adangofunsa kuti zipolopolo zotsala zili kuti. Burama adalumbira pa manda a mayi ake kuti adazitaya mumtsinje.

Mtsinje umenewo dzina lake ndi Dauda, mng'ono wake wa Burama. Adamupatsa bokosi lonse nkumunong'oneza kuti wongawo ndi wabwino, iye adangochulutsa. Munthu akanama kwa nthawi yaitali amayamba kudzikhulupirira. Chaka chisanathe, Dauda akusaka njiri, mfuti yake yatsopano, yopangidwa kutsidya, idamuphulikira kumaso. Diso lamanja lidatsala kutchire.

Fakoro atamva, adamva chisoni, ndipo tisaname, adamvanso kena kake kotsekemera. Mfuti iyi sinali yake. Banja lomwelo, kuphulika komweko: ngakhale mbuzi ikadazindikira. Adasamba, kumeta ndevu, kuvala mkanjo wake wa pa Lachisanu, nkukhala pa mpando kutsogolo kwa chipala. Mwambo ndi woti olakwira munthu amabwera ndi kola khumi. Adauza Nyeba kuti asese bwino, atenge mphasa ina kwa oyandikana nawo, chifukwa alenje ndi ambiri.

Adakhala tsiku loyamba, moto wosakoleza. Tsiku lachiwiri adadutsa mayi wina wofuna kunoletsa mpeni, adamubweza. Tsiku lachitatu linali la msika, ndipo Nyeba adabwerako ndi mbiya zake zosagulidwa komanso nkhani. Ati alenje agwirizana chimodzi: osula a masiku ano onse sadziwa chitsulo, kuli bwino kusonkha nkumagula zifefe za m'sitolo. Ati amene ankavomereza kwambiri, akugwedeza mutu ndi dzanja lake la zala ziwiri, anali Burama.

Fakoro adafunsa ngati dzina lake lidatchulidwa. Nyeba adati ayi, ngakhale molitukwana.

Adavula mkanjo, naupereka kuti aupinde. Kudenga kwa chipala kunali mipope iwiri yomaliza, yosalala, imene adaisunga kudikira tsiku loti anthu abwerere. Adaitsitsa, naidula zidutswa zisanu ndi chimodzi, nauza Nyeba kuti aziikapo miphika pophika, mafuwa ake akalewo aphwanyika.